Mafunso ndi mayankho okhudza nambala 2,147,483,647

Nambala iyi ili ndi madijiti khumi, ndipo mukaiona koyamba imaoneka ngati yongosakaniza. Komabe akatswiri a masamu akhala akuitchula kwa zaka zoposa 400, ndipo wolemba mapulogalamu a kompyuta aliyense amakumana nayo tsiku lina. Pafupifupi zonse zofunika za nambalayi zimachokera pa mfundo imodzi: yaperewera ndi 1 yekha kuti ikwane 2^31.

Imawerengedwa bwanji, ndipo ndi yaikulu motani?

Ndi mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, masauzande 483 ndi 647. Munthu atati awerenge nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, angatenge masiku 24,855, maola atatu, mphindi 14 ndi masekondi 7 kuti afike pamenepo. Zimenezo ndi zaka 68 ndi masiku ochepa.

Kodi 2^31 akutanthauza chiyani?

Akutanthauza ma 2 okwana 31 ochulukitsidwa pamodzi. Yambani ndi 2, muzichulukitsa ndi 2 nthawi iliyonse: 2, 4, 8, 16, 32. Pa sitepe ya 10 mufika pa 1,024, pa ya 20 mufika pa 1,048,576, pa ya 30 mufika pa 1,073,741,824, ndipo pa ya 31 mufika pa 2,147,483,648. Chotsanipo 1, mwaipeza nambala yathu.

Pali njira inanso yoipezera. Mukaphatikiza 1 + 2 + 4 mupeza 7, yemwe ndi 8 kuchotsapo 1. Mukaphatikiza 1 + 2 + 4 + 8 + 16 mupeza 31, yemwe ndi 32 kuchotsapo 1. Mukapitiriza choncho mpaka 1,073,741,824, zonse pamodzi zikwana 2,147,483,647. N'chifukwa chake mu binary, momwe manambala amalembedwa ndi 0 ndi 1 basi, nambalayi ndi ma 1 okwana 31 ondondozana, popanda 0 ngakhale mmodzi. Maonekedwe ake enieni ndi amenewo. Madijiti khumi omwe tinazolowera aja amangoibisa.

Kodi ndi prime?

Inde. Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika popanda chotsala ndi 1 komanso iyo yomwe basi, ndipo yathu ndi yotero.

Zina mungaziyese nokha ndi pensulo. Imathera ndi 7, choncho sigawika ndi 2 kapena 5. Madijiti ake akaphatikizidwa amakwana 46, ndipo 46 sagawika ndi 3, choncho nayonso sigawika ndi 3 kapena 9. Koma kulephera kugawika ndi manambala ang'onoang'ono si umboni wokwanira. Nambala ikhoza kukana 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi ena ambiri, kenako n'kukagawika ndi nambala ya kutali kwambiri. Ntchito yeniyeni ndi kutsimikiza kuti palibe ngakhale imodzi.

Ndikaigawa ndi 3, 7, 9, 11 kapena 31, nthawi zonse patsala 1. Zangochitika?

Ayi, pali chifukwa. Nambala yoitsogolera, 2,147,483,646, ndi 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331. Chilichonse chogawa nambala imeneyo chimasiya 1 chikagawa yathu. Yesaninso ndi 151, 331, 63 kapena 77, muona zomwezo. Nambala yolimba chotere yakhala moyandikana ndi ina yophwanyika tizidutswa tambirimbiri, ndipo manambala oyandikana sakhala ndi chowagawa chofanana kupatula 1.

Ndani anatsimikiza kuti ndi prime, ndipo anachita bwanji popanda makina?

Anthu anayamba kunena kuti ndi prime asanathe kutsimikiza. Pietro Cataldi wa ku Italy, cha m'ma 1588, anaonetsa molondola kuti 2^17 − 1 ndi 2^19 − 1 ndi ma prime, kenako ananenanso zomwezo za 2^23 − 1, 2^29 − 1, 2^31 − 1 ndi 2^37 − 1 popanda umboni. Pa zinayizo analondola pa 2^31 − 1 pokha. Mu 1644 Marin Mersenne, wansembe wa ku France, anaiikanso pa mndandanda wake wa manambala a mtundu wa 2^p − 1 omwe ankati ndi ma prime. Umboni unabwera mu 1772 kuchokera kwa Leonhard Euler, m'kalata yomwe analembera mmodzi wa a banja la Bernoulli. Pa nthawiyo Euler anali ku St Petersburg ndipo maso ake anali atatsala pang'ono kuferatu.

Njira yake ndi yofunika kuitsata bwino, chifukwa imaonetsa mmene kuganiza kumachepetsera ntchito. Choyamba, simufunika kuyesa manambala onse mpaka mabiliyoni awiri. Nambala ikakhala a × b, chimodzi mwa ziwirizo sichingapose square root yake, ndiye kuti nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabwezera nambalayo. Apa 46,340 × 46,340 ndi 2,147,395,600, pomwe 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, yomwe yapitirira kale. Choncho kuyesa kumalekezera pa 46,340. Chachiwiri, mumangoyesa ma prime okha, ndipo pansi pa malire amenewo alipo pafupifupi 4,800. Kugawa nambala ya madijiti khumi ka 4,800 pamanja ndi ntchito yoti munthu angaigwire, koma ndi yotopetsa ndipo kulakwitsa kamodzi kokha kumawononga zonse.

Apa ndi pomwe mfundo ya Pierre de Fermat inathandiza: ngati p ndi prime woposa 2, prime aliyense wogawa 2^p − 1 amaposa ndi 1 nambala yogawika ndi 2p. Onani 2^11 − 1, yemwe ndi 2,047 kapena 23 × 89. Apa 2p ndi 22, ndipo 23 ndi 22 + 1, pomwe 89 ndi 88 + 1. Kwa ife 2p ndi 62, ndiye zoyenera kuyesa ndi 63, 125, 187, 249 ndi zotsatira zake. Euler anawonjezera lamulo lina, lakuti chogawacho chikagawidwa ndi 8 chiyenera kusiya 1 kapena 7. Malamulo awiriwa akaphatikizidwa, pamatsala manambala a mtundu wa 248n + 1 ndi 248n + 63 okha, omwe pansi pa 46,340 alipo pafupifupi 370. Mwa amenewo, ma prime sakwana 100.

Woyamba kuyesa ndi 311. Mukagawa mupeza 6,905,092 ndipo patsala 35. Wachiwiri ndi 1,303, chifukwa onse a pakati, monga 497, 559, 745 ndi 1,241, si ma prime. Mukapita choncho mpaka kumapeto simupeza wogawa ndendende. Kuchoka pa mabiliyoni awiri kufika pa magawo osakwana 100, ine ndimaona kuti pamenepa ndi pokoma kwambiri pa nkhani yonse ya nambalayi, ndipo wophunzira wa sekondale wakhama angathe kubwereza ntchito yonseyo.

Ndiye kuti 2^p − 1 amakhala prime nthawi zonse p akakhala prime?

Ayi. Lamulo limagwira mbali imodzi yokha: p akapanda kukhala prime, 2^p − 1 sangakhale prime. Koma p kukhala prime sikutsimikizira kanthu. Tanena kale za 2,047. Palinso 2^23 − 1, yemwe ndi 8,388,607 kapena 47 × 178,481, komanso 2^29 − 1, yemwe ndi 536,870,911 kapena 233 × 1,103 × 2,089.

Mersenne yemwe analakwitsa. Mndandanda wake wa ma p unali 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Anaikapo 67 ndi 257 omwe sayenera, n'kusiya 61, 89 ndi 107 omwe amayenera. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa ku New York kuti 2^67 − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Zimasimbidwa kuti anangolemba masamuwo pa bolodi, n'kukhala pansi osalankhula.

Masiku ano amayesa bwanji manambala otere?

Potsimikiza kuti ndi prime sayesanso zogawa chimodzichimodzi. Amagwiritsa ntchito njira ya Lucas–Lehmer, yomwe Édouard Lucas anaiyamba m'ma 1870 ndipo Derrick Lehmer anaikonza bwino m'ma 1930. Mumayamba ndi 4. Pa sitepe iliyonse mumachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, n'kuchotsapo 2, kenako mumagawa ndi nambala yomwe mukuyesayo n'kusunga chotsala chokha. Mukachita masitepe p − 2 n'kupeza 0, nambalayo ndi prime. Mukapeza china chilichonse, si prime.

Tiyese ndi 31, yemwe ndi 2^5 − 1, choncho masitepe ndi atatu. 4 × 4 − 2 ndi 14. Kenako 14 × 14 − 2 ndi 194, ndipo 194 akagawidwa ndi 31 patsala 8. Pomaliza 8 × 8 − 2 ndi 62, yemwe amagawika ndi 31 popanda chotsala. Tapeza 0. Pa 2,147,483,647 masitepe ndi 29 okha. Njirayi ili ndi khalidwe lachilendo: nambala ikakhala kuti si prime imakuuzani choncho, koma sikuuzani chomwe chimaigawa.

Ili m'magulu ati a manambala?

Ndi nambala yosagawika ndi 2. Ndi prime wa nambala 105,097,565 mukawerenga kuyambira pa 2. Ndi Mersenne prime (prime wa mtundu wa 2^p − 1) wachisanu ndi chitatu, pambuyo pa 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287.

Ilinso m'kagulu kochepa kwambiri kotchedwa double Mersenne prime, chifukwa 31 yemweyo ndi Mersenne prime. Odziwika m'kaguluka ndi anayi okha: 7, 127, nambala yathu, ndi 2^127 − 1, wa madijiti 39, yemwe Lucas anamutsimikiza pamanja mu 1876.

Monga prime aliyense, ili m'gulu la manambala operewera, omwe mabuku amawatcha deficient, chifukwa zoigawa zake kupatula iyo yomwe zimangokwana 1. Ilibe mnzake wa mapasa, ndiye kuti prime wosiyana nayo ndi 2: pamwamba pali 2,147,483,649 yemwe ndi 3 × 715,827,883, ndipo pansi pali 2,147,483,645 yemwe amagawika ndi 5. Ma prime oyandikana nayo kwambiri ndi 2,147,483,629 ndi 2,147,483,659.

Ikugwirizana bwanji ndi ma perfect number?

Perfect number ndi nambala yomwe zoigawa zake zonse, kupatula iyo yomwe, zikaphatikizidwa zimabwezera nambala yomweyo. Chitsanzo ndi 6, yemwe ndi 1 + 2 + 3, komanso 28, yemwe ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Euclid anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti 2^p − 1 akakhala prime, mukamuchulukitsa ndi 2^(p − 1) mumapeza perfect number. Euler anadzatsimikiza kuti ma perfect number onse ogawika ndi 2 amapangidwa motero, palibe njira ina.

Choncho 2,147,483,647 × 1,073,741,824 amatipatsa 2,305,843,008,139,952,128, perfect number wachisanu ndi chitatu. Ali ndi zomugawa 62. Ndi yankho lomwenso mungapeze mutaphatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,647.

Mu 1811 Peter Barlow wa ku England analemba kuti perfect number ameneyu ndiye wamkulu kwambiri amene adzapezeke, poti manambala otere amangosangalatsa koma alibe ntchito, ndiye palibe amene adzavutike kufuna wina. Mu 1883 Ivan Pervushin, wansembe wa ku Russia, anatsimikiza kuti 2^61 − 1 ndi prime, ndipo wachisanu ndi chinayi anapezeka. Funso lomwe lakanika mpaka lero ndi lakuti kodi pali perfect number wosagawika ndi 2. Palibe wapezeka, ndipo palibe amene watsimikiza kuti kulibe.

Kodi ingalembedwe ngati masikweya ophatikizidwa?

Sikweya ndi nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, monga 9 kapena 25. Nambala yathu si sikweya, sipangidwa ndi masikweya awiri, ndiponso sipangidwa ndi atatu. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Sikweya aliyense akagawidwa ndi 8 amasiya 0, 1 kapena 4. Sankhani zitatu zilizonse mwa zimenezi, muphatikize mmene mungafunire, simupeza chotsala cha 7. Koma 2,147,483,647 akagawidwa ndi 8 amasiya 7, popeza 2^31 amagawika ndi 8 ndipo ife tachotsapo 1.

Ndi masikweya anayi zimatheka, monga Joseph-Louis Lagrange anatsimikizira mu 1770 kuti nambala yathunthu iliyonse siposa anayi. Nayi njira imodzi: 46,339² + 425² + 10² + 1², ndiye kuti 2,147,302,921 + 180,625 + 100 + 1.

Nanga magulu onena za madijiti, monga kuwerengeka chimodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo?

M'kalembedwe kathu ka madijiti khumi siwerengeka chimodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo, koma mu binary imatero, poti ndi ma 1 okhaokha. Izi zikuonetsa vuto la magulu otere: amanena za kalembedwe, osati za nambala yeniyeniyo. Mukasintha kalembedwe, gulu nalonso lasintha. Mu hexadecimal, kalembedwe ka madijiti 16 (0 mpaka 9 ndi A mpaka F), nambalayi ndi 7FFFFFFF, ndipo 46 uja wa madijiti ophatikizidwa wasowa. Koma kukhala prime, kusiya 7 ikagawidwa ndi 8, kapena kufuna masikweya anayi, zimenezo sizisintha ngakhale muilembe motani. Mukaona mndandanda wautali wa makhalidwe a nambala, ndi bwino kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Wa madijiti ndi wabwino posewera, ndipo nthawi zina umathandiza, monga lamulo la 3 ndi 9 lija, koma suyenera kulemera mofanana ndi winawo.

N'chifukwa chiyani imapezeka kwambiri pa kompyuta?

Chifukwa ndi nambala yaikulu kwambiri yomwe ingasungidwe m'mabiti 32 (biti ndi malo amodzi osunga 0 kapena 1) ngati malowo akuyenera kusunganso manambala a pansi pa 0. Biti imodzi imasonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa 0, ndipo 31 otsalawo akadzaza ndi ma 1 mwafika pa 2,147,483,647. Malo onse alipo 4,294,967,296. Theka limapita ku manambala a pansi pa 0, kuyambira −1 mpaka −2,147,483,648. Theka linalo limayambira pa 0, n'chifukwa chake mbali ya pamwamba imaperewera ndi 1.

Mukawonjezera 1 pa malire amenewo, zimachitika ngati pa mita ya galimoto yowerenga makilomita ikadzaza ndi ma 9: madijiti onse amatembenuka nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti apa biti yosonyeza mbali ija nayonso imatembenuka, ndipo pa makina ambiri nambala imagwera pa −2,147,483,648.

Zimenezi zachitikapo poyera. Mu Disembala 2014 YouTube inalengeza kuti inasamutsira chowerengera owonera ku mabiti 64, kanema wina wa nyimbo wa ku South Korea atawonedwa kupitirira malirewa. Pa 1 Januwale 2022 maimelo anaima m'mabungwe ambiri ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange, chifukwa pulogalamu ina inkalemba deti ngati nambala imodzi yoyamba ndi madijiti awiri a chaka. Chaka chonse cha 2021 nambalayo inkayamba ndi 21 ndipo inkakwana. Chaka chitasintha inakhala 2201010001, yomwe yaposa 2147483647.

Ndiye kuti opanga makompyuta anaisankha chifukwa ndi prime?

Ayi ndithu, ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Malirewa anabwera chifukwa cha mabiti 32, ndipo zinangochitika kuti 31 ndi mmodzi mwa manambala ochepa opereka Mersenne prime. Onani malire ena a mtundu womwewo. Pa mabiti 8 ndi 127, yemwe ndi prime. Pa mabiti 16 ndi 32,767, yemwe ndi 7 × 31 × 151. Pa mabiti 64 ndi 9,223,372,036,854,775,807, yemwe amagawika ndi 7, 73 ndi 127, poti 63 si prime. Kompyuta imagwira ntchito chimodzimodzi pa onsewa.

Pali malo amodzi odziwika pomwe mbali ziwirizi zimakumana. Mu 1988 Stephen Park ndi Keith Miller analimbikitsa njira yopangira manambala ooneka ngati a mwachisawawa: tengani nambala, ichulukitseni ndi 16,807, mugawe ndi 2,147,483,647, ndipo chotsala ndiye nambala yotsatira. 16,807 ndi ma 7 asanu ochulukitsidwa pamodzi. Popeza chogawiracho ndi prime ndipo chochulukitsiracho chinasankhidwa bwino, njirayi imadutsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646 isanabwereze ngakhale imodzi. Apa kukhala prime kukugwiradi ntchito, ndipo kukwana m'mabiti 32 kukupangitsa kuti makina asavutike.

Vuto la chaka cha 2038 ndi chiyani?

Makina ambiri a mtundu wa Unix amawerenga nthawi ngati masekondi omwe apita kuchokera pa 1 Januwale 1970, pakati pa usiku, nthawi ya UTC. Akasunga masekondiwo m'mabiti 32, zaka 68 zija zimathera pa 19 Januwale 2038, nthawi ya 03:14:07. Sekondi yotsatira wotchi yotero idzaonetsa 13 Disembala 1901.

Makompyuta ndi mafoni ambiri atsopano anasamukira kale ku mabiti 64, omwe amakwanira zaka mabiliyoni ambirimbiri. Nkhawa ili pa timakina tating'ono tomwe tinaikidwa mkati mwa zipangizo zina n'kuiwalika, pa mafayilo a kalembedwe kakale, ndi pa madatabase omwe anasungira nthawi malo a mabiti 32. Vutoli silidikiranso 2038: pulogalamu iliyonse yowerengera deti la zaka zingapo kutsogolo imagunda malirewa msanga. Ndipo ngati chowerengera chikuwerenga mamilisekondi m'malo mwa masekondi, chimadzaza pasanathe masiku 25.

Kodi prime ameneyu angateteze zinsinsi pa intaneti?

Ndi wamng'ono kwambiri. Njira zobisira uthenga ngati RSA zimagwiritsa ntchito ma prime a madijiti mazanamazana, osankhidwa mwachinsinsi. Nambala ya madijiti khumi yodziwika kwa aliyense kompyuta imathana nayo m'kanthawi kochepa.

Kodi ikadali m'gulu la ma prime aakulu odziwika?

Inakhala pamwamba kwa zaka zambiri Euler ataitsimikiza, koma lero yatsalira kutali. Kuyambira 1996, pomwe George Woltman anayambitsa ntchito ya GIMPS, anthu wamba padziko lonse amapereka makompyuta awo kuti azifufuza ma Mersenne prime atsopano. Mu Okutobala 2024 Luke Durant anapeza 2^136,279,841 − 1, wa madijiti 41,024,320, yemwe anakhala Mersenne prime wa 52 wodziwika. Ma prime aakulu kwambiri odziwika amakhala a mtundu umenewu kawirikawiri, osati chifukwa ndi ochuluka, koma chifukwa njira ya Lucas–Lehmer imawayesa mofulumira kuposa mmene manambala ena a kukula komweko angayesedwere.

Euclid anatsimikiza kalekale kuti ma prime alibe malekezero. Za ma Mersenne prime palibe amene watsimikiza zomwezo, ngakhale akatswiri ambiri amakhulupirira kuti nawonso satha. Ndipo 2^2,147,483,647 − 1, nambala yomwe mungapeze mutaika yathu pa malo a p, ikudziwika kuti si prime, chifukwa zoigawa zake zina zinapezeka kale ngakhale ili ndi madijiti oposa mamiliyoni 646.